Kaphulika, Duwa la Pasukulu Pathu

Ana inu, pakhomo pa cipinda cimene ndimaphunzitsiramo pali maluwa m'zitini. Onse ndi ofiira. Masamba ake ndi obiriwira, matsinde ake ndi ofewa. Ana a kalasi yoyamba ndiwo analipatsa dzina duwa limeneli. Amalichula kuti kaphulika.

Lero ndikuuzani kumene kaphulika anacokera, mmene anatsalira pang'ono kutha, ndi amene anamupulumutsa. Nkhaniyi ndi yaitali. Musaimalize tsiku limodzi. Pemphani amayi, abambo kapena akulu anu kuti azikuwerengerani gawo limodzi madzulo alionse, mutatha kudya.

1. Mphatso ya amayi

Ine kwathu ndi ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe. Kumeneko ndi kumtunda, ndipo kumazizira. Anthu amalima cimanga, nyemba, kabici ndi mbatata ya kacewere.

Amayi anga ali ndi mphika wakale wobooka pansi. Mphikawo unaleka kuphika nyemba ine ndisanabadwe. Amayi anauthira dothi, nabzalamo duwa, nauika pakhonde. Ndinakula ndikuliona duwalo. Cimanga timabzala caka ndi caka, cifukwa cikakhwima cimauma. Duwa la amayi silinali cotero. Linkakhala ndi moyo caka cino, caka camawa ndi caka cinaco. Likayamba kukalamba, amayi ankadula nthambi yake n'kuibzala pomwepo.

Miyezi ya Junho ndi Julho usiku kumazizira kwambiri kwathu. Dzuwa likalowa amayi ankati, "Mwanawe, lowetsa mphika wa maluwa m'nyumba." Ine ndinkanyinyirika, cifukwa mphikawo unali wolemera. Koma amayi ankati, "Duwali ndi lanthete. Cisanu cikaligwira limafota ngati lathiridwa madzi otentha."

Nditakula ndinapita kusukulu ya aphunzitsi. Nditamaliza, ananditumiza kuno ku Chifunde kumayambiriro kwa caka ca 2023. Kuno ndinali ndisanafikeko. Ndinalibe m'bale, ndinalibe mnzanga. Ndinkacita mantha, koma sindinauze munthu.

Tsiku lonyamuka amayi anatenga mpeni. Anadula nthambi zitatu za duwa lija, nazikulunga m'kansanza konyowa.

"Mwanangu," anatero amayi, "ndilibe nkhuku yokupatsa. Tenga izi, ukabzale kumene ukupitako. Duwali lili ndi adani atatu: dzuwa, ludzu ndi cisanu. Ukawakumbukire."

Ndinalandira ndi manja awiri. Koma mumtima ndinkati, "Ndipite ndi masamba ulendo wonsewu?" Ndinaika kansanzako pamwamba pa cikwama, ndipo ndinanyamuka.

2. Zitatu, ziwiri, imodzi

Ulendo unali wautali. Ndinakwera chapa kucokera ku Ulongwe, kutsetsereka mpaka ku Tete, kumene kuli mtsinje wa Zambezi. Ku Tete kumatentha koopsa. Kucokera kumeneko ndinakwera galimoto ina yotsata msewu wopita ku Cassacatiza, kumalire ndi Zambia. Cikwama canga anacimangirira pamwamba, padzuwa.

Nditafika ndinamasula kansanza kaja. Kanali katauma. Nthambi imodzi inali itada ndi kulobodoka. Inali itafa. Zinali zitatu, imodzi yafa. Zatsala zingati? Zatsala ziwiri.

Nthambi ziwirizo ndinazibzala m'zitini, n'kuziika pabwalo, kutsogolo kwa nyumba. Ndinkafuna kuti aliyense wodutsa aziziona. Ndinaiwala mdani woyamba amene amayi anamuchula. M'mawa nthambizo zinkaimirira bwino. Dzuwa likafika pamutu zinkagwetsa masamba ngati nsalu yonyowa. Ine ndinkaganiza kuti ndi ludzu, ndiye ndinkathira madzi ambiri. Zitinizo zinalibe mabowo pansi. Madzi ankangodikha. Patapita masiku asanu nthambi yaciwiri inaola. Zinali ziwiri, imodzi yafa. Yatsala imodzi yokha.

Tsiku lina bambo wina anabwera kudzalembetsa mwana wake kusukulu. Bamboyo amalima fodya. Anaima, nayang'ana m'citini muja.

"Aphunzitsi," anatero, "kodi kwanu simufesa nazale? Mbande yanthete saiika padzuwa cotere."

Anagwira tsinde ndi zala ziwiri. "Taonani, tsinde ili ndi madzi okhaokha, ngati phesi la mnkhwani. Comera cotere cimafuna mthunzi. Ndipo mizu imafuna kupuma. Mukaimiza m'madzi imaola."

Bamboyo anapempha msomali ndi mwala. Anaboola mabowo asanu pansi pa citini cina. Pansi penipeni anaikapo timiyala. Kenaka anasakaniza zinthu zitatu: dothi lakuda la pansi pa mtengo pamene masamba amaolera, manyowa akale a m'khola, ndi mcenga pang'ono. Anaokeramo nthambi ija mosamala. Atatero anazika timitengo tinayi kuseri kwa nyumba, nafolerapo udzu. Kanali kacisakasa kakang'ono.

"Dzuwa la m'mawa lilibe kanthu," anatero. "Coopsa ndi dzuwa la masana. Musanathire madzi, pisani cala m'dothi. Mukamva cinyezi, lekani. Mukamva kuuma, thirani. M'mera mpoyamba, aphunzitsi."

Tsiku limenelo mphunzitsi ndinali ine, koma wophunzitsa anali bamboyo. Patapita milungu iwiri ndinaona timasamba tiwiri tatsopano pansonga. Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba.

3. Mizu m'botolo

Duwa lija linakula. Linkangotalika ngati mtengo wa nsungwi. Ndinakumbukira zimene amayi ankacita. Ndinatsina nsonga yake ndi cikhadabo. Posacedwa linaphuka nthambi ziwiri m'mbali. Ndinatsinanso nsonga za nthambizo, ndipo zinakhala zinayi. Ukatsina nsonga, duwa limayanga, ndipo maluwa amaculuka.

M'mwezi wa Abril ndinadula nthambi imodzi yotalika ngati cala ca munthu wamkulu. Ndinadula m'munsi mwa mfundo, pamene tsamba limatulukira. Ndinathothola masamba a m'munsi, n'kusiya atatu a pamwamba. Ndinaiika m'botolo loonekera, lokhala ndi madzi oyera. Botololo ndinapita nalo m'kalasi, ndipo ndinaliika pazenera pamene dzuwa silifika.

"Ana inu, kodi m'botolomu mukuona ciyani?"

"Tsinde, aphunzitsi!"

"Nanga mizu ilipo?"

"Palibe, aphunzitsi!"

Tsiku lililonse tinkalemba kamzere kamodzi pabolodi. Tsiku loyamba, palibe kanthu. Tsiku laciwiri, palibe kanthu. Tsiku lacitatu, palibe kanthu. Mnyamata wina ankaitulutsa nthambiyo m'madzi kuti aione bwino. Ankaitembenuza uku ndi uku. Ndinamuuza kuti, "Mwanawe, ibwezere. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pakapita masiku awiri tinkataya madzi akale n'kuthiramo atsopano. Tinkatero pa zifukwa ziwiri. Madzi okhalitsa amaoletsa tsinde. Ndiponso udzudzu umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo udzudzu ndiwo umabweretsa malungo.

Timizere titakwana tisanu ndi titatu, mtsikana wina anakuwa, "Aphunzitsi, ndevu! Tsinde lamera ndevu!"

Ana onse anathamangira pazenera. Pamfundo paja panali timizu toyera, tating'ono ngati ulusi. Tsiku limenelo tinaphunzira mawu atatu. Pa Cinyanja timati muzu, pa Cipwitikizi amati raiz. Pa Cinyanja timati tsamba, pa Cipwitikizi amati folha. Pa Cinyanja timati duwa, pa Cipwitikizi amati flor.

Mizu itatalika ngati theka la cala, tinaokera nthambiyo m'citini. Umu ndi mmene duwa limodzi linakhalira awiri. Awiri anakhala anayi. Caka ca 2024 cisanayambe tinali ndi zitini 12. Maluwa onse anali ofiira, cifukwa nthambi imafanana ndi make.

4. Cifukwa ciyani kaphulika?

Tsopano tiyeni tilione bwino duwa lathu.

Duwa lililonse lili ndi timasamba tofiira tisanu, totambasuka ngati cikhatho. Werengani zala za dzanja lanu limodzi. Zilipo zisanu. Timasamba ta duwa natonso tilipo tisanu.

Mukalitembenuza, kumbuyo kwake muona kamcira kakatali, kopindika. M'kamciramo muli timadzi totsekemera. Agulugufe amabwera kudzamwa timadzito ndi milomo yawo yaitali. Pamapesi a masamba pamatulukanso timadontho totsekemera. N'cifukwa cake nyerere zimakwera m'duwamo.

Duwa likayoyoka pamatsala kacipatso kobiriwira, kotupa pakati, kosongoka kunsonga. M'katimo muli njere zing'onozing'ono. Tsiku lina mnyamata wosadekha uja anagwira kacipatso kokhwima ndi cala. Phu! Kanaphulika. Njere zinauluka, ina inamugunda pamphuno. Khungu la kacipatso linapiringizika ngati mbozi. Mnyamatayo analumpha n'kugwa cagada. Kalasi yonse inafa nazo nseko.

"Kaphulika! Kaphulika!" ana anakuwa. Dzina linayambira pomwepo.

Kodi duwa limaphulitsiranji zipatso zake? Comera cilibe miyendo. Sicingayende kukabzala ana ake. Comweco cimaponya njere kutali, kuti ana asamere mothinana pansi pa make. Njerezo zikagwera ponyowa ndi pamthunzi zimamera zokha. Mukafuna kuzifesa musazikwirire ndi dothi. Zimafuna kuwala kuti zimere.

Koma kumbukirani ici, ana inu: kaphulika si ndiwo ndipo si cipatso. Ndi woona ndi maso basi. Musaike masamba kapena njere zake m'kamwa.

5. Duwa la kwathu konkuno

Anthu ambiri anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, maluwa a Azungu amenewa munawatenga kuti?" Inenso kale ndinkaganiza kuti ndi a Azungu. Ndinadziwa zoona zake nditawerenga kusukulu ya aphunzitsi.

Duwali kwao ndi kuno kum'mawa kwa Africa. Limamera lokha m'nkhalango za ku Kenya, Tanzania, Malawi ndi Moçambique. Limakonda m'mphepete mwa timitsinje ta m'mapiri, pansi pa mitengo ikuluikulu, pamene pali mthunzi ndi cinyezi nthawi zonse. Ndico cifukwa cake limaopa dzuwa ndi ludzu. Limakumbukira kwao.

Kale kwambiri, m'caka ca 1861, kunabwera Mngelezi wina dzina lake Horace Waller. Anali mmodzi wa amishoni amene anafika kucigwa ca mtsinje wa Shire m'masiku a David Livingstone. Duwali linatengedwa paphiri la Morrumbala, m'cigawo ca Zambézia, n'kutumizidwa ku England. Kumeneko katswiri wa zomera, Joseph Hooker, analipatsa dzina m'caka ca 1868. Analicha Impatiens walleriana. Liwu laciwirilo likucokera ku dzina la Waller. Liwu loyambalo ndi la Cilatini, ndipo litanthauza cinthu cosaleza mtima, cifukwa zipatso zake sizidikira, zimangophulika.

Mwaona? Katswiri wa ku England ndi ana a ku Chifunde anaona cinthu cimodzimodzi. Iye anachula m'Cilatini, ife tinachula m'Cinyanja.

Lero duwali limabzalidwa m'maiko ambiri. Alipo ofiira, oyera, ndi a mitundu ina. Ku Portugal amalicha alegria-da-casa, ndiye kuti cimwemwe ca panyumba. Ku maiko ozizira kwambiri, cisanu cimalipha caka ndi caka likakhala panja, ndipo anthu amagula lina nyengo yofunda ikabwera. Kuno kwathu likhoza kukhala zaka zingapo. Limangofuna munthu woliyang'anira tsiku ndi tsiku.

6. Caka ca cilala

Makolo, inu mukukumbukira caka ca 2024. Mvula inayamba, tinabzala, cimanga cinamera. Koma m'mwezi wa Fevereiro kumwamba kunayera mbee. Cimanga cinauma cisanabereke. Ku Zambia ndi ku Malawi nakonso zinali comweco. Pa wailesi ankati ndi El Niño. Madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacífico akafunda kuposa nthawi zonse, mvula kuno kwathu imacepa.

Pofika mwezi wa Setembro zitsime zambiri zinali zitaphwa. Amayi ankafukula mcenga kumtsinje. Pamjigo mzere unkayamba tambala asanalire. Ine ndinkatunga madzi anga akumwa, ophikira ndi osamba. Ndinkatunganso madzi a maluwa.

M'mawa wina ndili pamzere, agogo ena anandiyandikira.

"Aphunzitsi, ndifunseko. Maluwa anu aja amadyedwa?"

"Iyayi agogo, sadyedwa."

"Ndi mankhwala kapena?"

"Iyayi agogo."

"Nanga bwanji akumwa madzi a pamjigo, pamene mbuzi zathu zikumwa matope?"

Amayi onse anakhala cete. Ndinayang'ana pansi. Ndinalibe coyankha. Ndinasenza cigubu canga n'kupita kunyumba ndi manyazi.

Madzulo ndinatenga pensulo ndi pepala. Zitini zinali 12. Citini ciliconse cinkamwa makapu awiri patsiku, imodzi m'mawa, ina madzulo. Onse pamodzi ndi makapu 24. Makapu 24 ndi malita 6. Amenewo ndi madzi akumwa a anthu atatu tsiku lonse. Agogo aja sanalakwe. Munthu ndiye woyamba, kenaka ciweto, duwa pambuyo.

M'mawa mwake ndinauza ana. "Ana inu, madzi acepa. Tisunga zitini ziwiri zokha. Zimenezo ndizizithirira ndi madzi amene ndatsukira ndiwo. Zina khumi tizileka ziume."

M'kalasi munali mtsikana wina wamng'ono wosalankhula. Caka conse ankangokhala kumbuyo, n'kumayang'ana pansi. Ndikamufunsa funso ankabisa nkhope. Tsiku limenelo anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, ndipatseni citini cimodzi."

Ndinadabwa kumva mawu ake. "Mwanawe, madzi ukawapeza kuti?"

"Pansi pa thandala pathu m'ponyowa," anatero motsitsa mawu. "Mbale zimadontha. Ndipo dzuwa silifikapo."

Ine mphunzitsi, wa pensulo ndi pepala, sindinaganizepo za thandala. Pamenepo pali mthunzi. Pamenepo pamadontha madzi otsukuluzira mbale m'mawa ndi madzulo. Madzi amenewo ndi otayika kale.

Sindinafune kupereka citini makolo asakudziwa. Titaweruka ndinamuperekeza mwanayo kwao. Nditafika pabwalo mtima unagunda. Agogo ake anali omwe aja a pamjigo.

"Odi, agogo."

"Odini, aphunzitsi. Mwabwera nawo maluwa anu?"

Ndinafotokoza zimene mdzukulu wawo ananena. Agogo sanayankhe msanga. Anapita pathandala, nawerama, nagwira dothi ndi dzanja.

"Madzi awa sitingawatolenso," anatero. "Ikani. Koma asandipemphe a mumtsuko."

Anadula nthambi za minga, nachinga citinico kuti nkhuku zisapalase ndi mbuzi zisadye. Mabanja ena anayi atamva, nawonso anatenga. Zitini zisanu zinapita m'midzi. Ziwiri zinatsala kwa ine. Zisanu zinauma. Tawerengani: zisanu, ziwiri ndi zisanu. Zonse pamodzi ndi 12.

7. Kupatsa n'kuika

Mwezi wa Outubro ndiwo wotentha kwambiri kuno. M'mwezi umenewo ndinadwala malungo. Anzanga aphunzitsi anandinyamula panjinga kupita nane kucipatala. Anandiyeza magazi, nandipatsa mankhwala. Ndinagona masiku ambiri. Sindinkatha kuphika, ndipo sindinkatsuka ndiwo. Za maluwa sindinakumbuke n'komwe.

Nditapeza bwino ndinatuluka kupita kuseri kwa nyumba. Mphepo inali itasasula udzu wa kacisakasa. Zitini ziwiri zija zinali padzuwa. Dothi linali litang'aluka. Matsinde anali atagona pansi, ouma ngati udzu wa cilimwe. Ndinakanda tsinde ndi cikhadabo kuti ndione ngati m'kati muli pobiriwira. Munalibe.

Ndinakhala pansi n'kulira. Sindinkalirira maluwa okha. Ndinkakumbukira manja a amayi akukulunga nthambi m'kansanza. Cinthu cokhaco cimene ndinabwera naco kucokera kwathu cinali citatha. Za zitini za m'midzi ndinalibe nazo ciyembekezo. Ndinkati, ngati zanga zafa, kodi za ana zingakhale bwanji?

Loweruka m'mawa ndinamva mawu pabwalo.

"Odi kuno!"

Anali agogo aja. Kumbuyo kwawo kunali mdzukulu wawo, atasenza citini pamutu. M'citinimo munali kaphulika wobiriwira, wa nthambi zambiri, ali ndi maluwa ofiira asanu ndi awiri.

"Tabwera kudzakuonani matenda, mwanangu," anatero agogo. "Ufa sitinatenge, caka cino mukucidziwa. Tatenga ici."

Ndinawayalira mphasa. Ndinasowa mawu.

"Musaganize kuti ndasintha maganizo," anapitiriza agogo. "Duwa si ndiwo. Koma caka cino kulikonse ukayang'ana n'kouma. Kumunda n'kouma, kudambo n'kouma. Ndiye m'mawa ndikamatsuka mbale ndimaona kanthu kofiira pansi pa thandala. Mtima umakhalako pansi."

"Agogo, ndani ankalisamala?"

Agogo analoza mdzukulu wawo ndi mlomo. "Uyu. Akadzuka, asanasukusule, amayamba wapisa cala m'dothi. Akuti munawaphunzitsa ndinu. Ine akandiona ndikutsuka ndi sopo wambiri, amacotsa citini n'kuciika kuseri kwa nkhokwe."

Mtsikanayo anamwetulira, koma sanabise nkhope.

Sindinalandire citini conse. Ndinapempha nthambi zitatu zokha, monga zimene amayi anandipatsa. Citini cinabwerera pansi pa thandala pake. Pambuyo pake ndinamva kuti mwa zitini zisanu za m'midzi, zitatu zinapulumuka.

Madzulo ndinakwera pacitunda pamene foni imagwira, ndipo ndinaimbira amayi. Ndinawauza zonse. Amayi anaseka.

"Mwanangu, unkaganiza kuti ndinakupatsa kuti ukaunjike pakhomo pako? Inenso duwalo ndinapatsidwa ndi mnzanga wa kumpingo. Lake litafa ndi cisanu, anadzatenga nthambi kwa ine. Kupatsa n'kuika."

Mvula itabwera, nthambi zitatu zija zinali zitamera mizu. Maluwa amene ali pakhomo pa kalasi yathu lero ndi ana a citini ca pansi pa thandala. Tsopano sindisunga zitini zambiri. Ndimasunga zinayi. Zina zikamera mizu ndimapatsa ana kuti apite nazo kwao. Cilala cikadzabweranso, kapena ine ndikadzasamutsidwa, kaphulika adzakhalapo ndithu, cifukwa ali m'makomo ambiri.

8. Yesani kwanu

Makolo, nchito imeneyi sifuna ndalama. Mwana wa kalasi yoyamba akhoza kuigwira, inu mukamuthandiza pogwira mpeni ndi msomali.

Coyamba, pemphani nthambi kwa mnzanu amene ali ndi duwali. Ikhale yotalika ngati cala canu. Dulani m'munsi mwa mfundo, m'mawa kusanatenthe.

Caciwiri, cotsani masamba a m'munsi. Ikani nthambiyo m'botolo la madzi oyera, pamthunzi. Sinthani madzi pakapita masiku awiri. Mizu imaoneka pakatha mlungu umodzi kapena iwiri.

Cacitatu, boolani pansi pa citini kapena mphika wakale. Thiranimo dothi lakuda, manyowa oolerana ndi mcenga pang'ono. Manyowa aawisi amaocha mizu.

Cacinayi, okerani madzulo, ndipo ikani citini pamene dzuwa la masana silifika: pakhonde, pansi pa mtengo wa mango, kapena pansi pa thandala. Chingani ndi minga.

Cacisanu, mwana apise cala m'dothi tsiku lililonse. Pakauma athire kapu imodzi. Madzi otsukira ndiwo kapena otsukuluzira mbale ndi okwanira. Madzi a sopo wambiri, a mcere kapena a mafuta amaononga duwa.

Cacisanu ndi cimodzi, tsinani nsonga kuti duwa liyange. Thotholani masamba acikasu n'kuwataya kutali. Mukaona nsabwe kuseri kwa masamba, zitsukeni ndi madzi. Usiku wozizira kwambiri lowetsani citini m'nyumba.

Comaliza, duwa likakula dulani nthambi, mupatse mnansi wanu.

Mafunso

1. Kodi amayi anapatsa aphunzitsi nthambi zingati? Nanga zinafa zingati?
2. Chulani adani atatu a kaphulika.
3. N'cifukwa ciyani timaboola pansi pa citini?
4. Kodi agogo analakwa pofunsa za madzi a pamjigo? Kambiranani ndi makolo anu.
5. Kodi kwanu ndi pati pamene pali mthunzi ndi madzi otayika? Pitani mukaone.
6. Jambulani duwa la kaphulika. Musaiwale timasamba tisanu ndi kamcira kake.